"Mlalang'amba wa Milky Way": dzina lathu lapita kuti?

M'zolemba zambiri za Chichewa zofotokoza zakuthambo mwafala kanenedwe kakuti "mlalang'amba wa Milky Way". Ine kanenedwe aka sikandikhalira bwino.

Mlalang'amba ndi dzina lakale la mzere wotuwa uja umadutsa pathambo usiku wopanda mwezi. Kwa Kabudula, ku Nsaru kaya ku Nambuma, kutali ndi magetsi a mumzinda wa Lilongwe, umaoneka bwino zedi mu Juni ndi Julayi. Pamenepo liwuli linali dzina lamwinimwini, loimira chinthu chimodzi basi.

Sayansi idadzaonetsa kuti mzerewo ndi gulu la nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. M'zaka za m'ma 1920, Edwin Hubble adatsimikiza kuti Andromeda ndi gulu lina lapalokha, kunja kwa lathuli. Kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutifike. Chichewa chidafunika liwu lotchulira magulu onse oterewa, ndipo omasulira adatenga mlalang'amba n'kulisandutsa dzina lopanda mwinimwini. Apa sindiwatsutsa ayi. Liwuli lili m'gulu la Mu-Mi, ndiye "milalang'amba" imatuluka yokha pakamwa, osachita kukakamiza.

Pamene padalakwika mpakuti atabwereketsa dzinalo kwa alendo, mwini wake adamusiya wopanda dzina n'kumuveka lachingerezi. Taganizani za mwezi. Timanena kuti Jupiter ali ndi miyezi yambiri, koma ndani adanenapo kuti "mwezi wa Moon"? Mungaseke. Nanga bwanji winayu tikungomulola?

Nkhaniyitu ikupitirira galamala. Mwana wasukulu ku Namitete akawerenga "mlalang'amba wa Milky Way" amaganiza kuti ndi chinthu cha m'mabuku, chofuna telesikopu. Sazindikira kuti ndi womwe uja agogo ake amamulozera ali pabwalo. Zimene akudziwa kale ndi zimene akuphunzira zimakhala ngati sizidakumanepo.

Ena amati dzina lachingerezi limathandiza wophunzira pofufuza pa intaneti ndi polemba mayeso. N'zoona. Litchuleni kamodzi koyambirira kwa nkhani, wophunzira alidziwe, kenako Chichewa chipitirize ntchito.

Maganizo anga ndi awa: polemba, wathuwu akhale Mlalang'amba, chilembo chachikulu, enawo milalang'amba. Popeza chilembo chachikulu sichimveka pawailesi kapena m'kalasi, polankhula tizingoti "mlalang'amba wathu".

Tiyeni tiyese ndi nkhani yeniyeni. Pa 12 Meyi 2022, akatswiri a Event Horizon Telescope adatulutsa chithunzi choyamba cha black hole yotchedwa Sagittarius A*, yomwe ili pakatikati pa mlalang'amba wathu. Chiganizochi chamveka popanda Milky Way, ndipo mwana wa ku Mpingu atha kutuluka panja usiku wa mu Julayi n'kuyang'ana komwe kuli chinthucho.