Namwino amene amayamba wapempha

Febuluwale akafika ku Kasungu, fodya wa bale amakhala atakhwima, ndipo ku Santhe, ku Chamama mpaka ku Nkhamenya anthu amalawirira kukathyola mame asanakamuke. Tsamba lonyowa limalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu. Wothyolayo amamva mutu, chizungulire ndi nseru, ndipo akafika kuchipatala aliyense amathamangira kuganiza za malungo. Lipoti la bungwe la Plan la 2009, lomwe linamva kuchokera kwa ana 44 a ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, linati pa tsiku lachinyezi mwana angathe kulowetsa nikotini wofanana ndi wa ndudu 50. Koma anawo sanadandaule mutu wokha. Ananena za kumenyedwa, ndipo atsikana ananena za akapitawo owaumiriza kugona nawo.

Luso limene ndimaligomera limayambira pamene kachipangizo koyezera malungo kaonetsa kuti mulibe. Namwino wotopa amapereka panado n'kuitana wotsatira, ndipo sindimuweruza, poti mzere panja umakhala utafika pamtengo. Waluso amaona zikhatho zakuda ndi utomoni wa fodya. Amaona mtsikana akudzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Amaonanso kuti funso lililonse akuyankha ndi bambo amene wamuperekeza. Sakwiya, saloza chala. Amangoti, “Bambo, tadikirani kaye panja, ndimuyeze mwanayu,” monga amanenera kwa wina aliyense.

Akatsala awiri, amachoka kuseri kwa tebulo n'kukhala pampando waufupi, chammbali, osatseka njira ya kukhomo. Amatchula dzina lake ndi ntchito yake. Kenaka amayamba kupempha: “Ndingakugwire dzanja? Ukufuna amayi ako alowe, kapena tikhale tokha? Ukanena kuti ndisiye, ndisiya.” Ndipo mwanayo akanenadi, amasiya, ngakhale kuyezako kusanathe.

Wina angati n'kutaya nthawi. Koma taganizani kumene mwanayo wachokera. Mabanja ambiri a matenanti anabwera kuno kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Mangochi. Nyumba ndi ya bwana, phoso ndi la ngongole, nthawi yodzuka amanena ndi kapitawo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti, komabe mantha sathera tsiku limene lamulo lasainidwa. Mwana wokulira m'malo otere sanafunsidwepo chimene akufuna, ndipo amene anamuchita nkhanza anamulanda ngakhale ulamuliro pa thupi lake. Namwino akalamula kuti “vula, gona apo,” thupi la mwanayo limakumbukira tsiku lija, ngakhale cholinga chili chabwino. Akapempha, amamubwezera kanthu kena kamene analandidwa, mankhwala asanaperekedwe n'komwe.

Pali mawu amene waluso sawatulutsa: “chifukwa chiyani”. Chifukwa chiyani unapita kuchigafa wekha, chifukwa chiyani sunakuwe. Mafunso otere amamveka ngati bwalo la milandu, ndipo woimbidwa mlandu amakhala mwanayo. Waluso amangoti, “Kenaka chinachitika n'chiyani?” n'kudikira. Kudikirako ndiye kovuta koposa. Wosankha fodya aliyense amadziwa kuti tsamba louma saligwira masana dzuwa likuswa mtengo, limafumbutuka. Amadikira chinyezi cha m'mawa kuti lifewe. Nkhani ya munthu wovulala mumtima imatuluka moduladula, zakumapeto zili koyamba, ndipo wodziwa ntchito sazitenga ngati bodza.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti sanamiza. N'kosavuta kulonjeza mwana kuti palibe amene adzamve. Koma lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limafuna kuti wachipatala akanene akaona kuti mwana wachitidwa nkhanza. Choncho amamuuziratu, nkhani isanayambe, amene adzauzidwe ndi chifukwa chake. Mwana amene akuluakulu anamupusitsa kale sayenera kupusitsidwanso ndi wovala zoyera.

Kufatsa konseku kumachitika wotchi ikuyenda. Mankhwala oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 mwana atagwiriridwa, ndipo amamwedwa masiku 28. Namwino wabwino sabweza munthu kuti akayambe watenga kalata kupolisi. Amathandiza kaye, zikalata zimatsatira. Ganizo lomweli ndi limene linabala malo a Chikwanekwane, monga a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene dokotala, wapolisi, wa zachisamaliro cha anthu ndi phungu amapezeka pakhomo limodzi, kuti mwana asabwereze nkhani yake m'maofesi anayi.

M'maesiteti a kutali ndi boma la Kasungu khomo limodzilo silikhala pafupi, ndiye lusoli limagwera anthu a m'mudzi: amayi a m'magulu osamalira atsikana kusukulu, oteteza ana, makomiti othandiza ochitidwa nkhanza, ndi amene amayankha foni yaulere ya 116. Nawonso ali ndi mayeso awo. Kuchokera pamene alimi ndi ana zikwizikwi a ku Malawi anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial Brands kukhoti la ku London mu 2020, nkhani za ana a m'minda ya fodya zimafunidwa kutali. Womenyera ufulu wosasamala amaimika mwana kutsogolo kwa kamera kuti alire, msonkhano uombe m'manja. Wosamala amabisa dzina ndi nkhope, amalola mwanayo kubweza mawu ake ngakhale mawa lake, ndipo asanatengere nkhani kwa amfumu kapena kupolisi amayamba wafunsa kumene banjalo likagone bwana akalithamangitsa usiku womwewo. Ngati yankho palibe, amayamba wakonza zimenezo, kwa achibale, kumpingo kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu.

Pamasiku 28 a mankhwala aja, mlangizi wa zaumoyo wodziwa ntchito amadzera pakhomopo monga amadzera pakhomo lililonse, atanyamula kaundula wake wa masiku onse, kuti oyandikana nawo asadabwe. Amafunsa za nseru, amawerenga mapilitsi otsala, n'kufunsa mtsikanayo ngati akufuna kuti adzabwerenso sabata yamawa.