Kuona Maso a Nkhono N'kudekha: Kusanthula Masewera a Dragon Quest V

Anthu ambiri okonda mabuku amati masewera a pa kanema ndi chibwana chotayitsa nthawi. Maganizo otere amakula munthu akaona koyamba masewera a ku Japan otchedwa Dragon Quest V. Anthu ake ndi aafupi, a mitu ikuluikulu, ndipo mmodzi mwa adani oyambirira ndi kanthu kooneka ngati dontho la madzi, kongomwetulira. Komabe munthu woyamba masewerawa monyinyirika akhoza kudzawamaliza atakhudzidwa mtima ngati wawerenga buku lolembedwa mwaluso. Kodi mphamvu imeneyi imachokera kuti?

Masewerawa adatuluka ku Japan m'chaka cha 1992 pa makina a Super Famicom, ndipo kampani imene idawafalitsa ndi Enix. Nkhani yake adalemba ndi Yuji Horii, zithunzi adakonza ndi Akira Toriyama, amene adatchukanso ndi Dragon Ball, pamene nyimbo adapeka ndi Koichi Sugiyama. M'Chingerezi adatuluka mu 2009 pa makina a Nintendo DS, ndipo maina amene ali m'munsimu ndi a m'Chingerezimo. M'masewera a mtundu umenewu wosewera amalowa m'malo mwa mpangankhani wamkulu. Amamuyendetsa m'midzi, m'nkhalango ndi m'mapanga, amacheza ndi anthu ndi kugula zida. Nkhondo ndi yopatsana mpata: wosewera amasankha chochita pa mndandanda, adani nawonso n'kubwezera. Akapambana nkhondo zambiri, mphamvu za mpangankhaniyo zimakwera.

Nkhani ikuyamba ndi mnyamata wa zaka 6 amene akuyenda ndi bambo ake, a Pankraz, pofunafuna mayi ake omwe adabedwa iye ali khanda. Mnyamatayo ndi wofooka, ndipo pa nkhondo bambo ake amagwetsa zilombo mosavuta, kenaka n'kumuchiza mabala. Palibe chiganizo chonena kuti a Pankraz ankakonda mwana wawo. Wosewera amadzionera yekha, popeza iyeyo ndiye akutetezedwa.

Apa ndi pamene luso la Horii likuonekera. Tsiku lina mfiti yotchedwa Ladja ikugwira mnyamatayo ndi kumuika chikwakwa pakhosi. A Pankraz akadatha kugonjetsa asilikali a mfitiyo, koma poopa kuphetsa mwana, akungoima chilili mpaka kuphedwa. Imfa imeneyi ikuonetsedwa ngati nkhondo ina iliyonse, kupatula chinthu chimodzi: wosewera sapatsidwa mpata wosankha chochita. Masewera amene akhala akumuphunzitsa kuti vuto lililonse limatha ndi kudina batani akumulanda mphamvu pa nthawi imene akuifunitsitsa. Wowerenga buku amadziwa kale kuti sangasinthe zolembedwa. Wosewera sadziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake chisoni chake chimakhala cha mtundu wina.

Njira yomweyi ikubwerezedwa patsogolo. Mnyamatayo akukhala kapolo zaka 10, akumanga kachisi wa adani ake, mpaka akuthawa atabisala mumgolo. Akukwatira, akulongedwa ufumu wa dziko la Gotha, ndipo mkazi wake akubereka mapasa. Chimwemwecho chisanakhazikike, iye ndi mkaziyo akusandutsidwa miyala. Chiboliboli chake chikugulitsidwa kwa munthu wolemera amene akuchiimika pabwalo la nyumba yake. Kwa zaka 8 wosewera akungoyang'ana nyengo zikusintha. Akuona mwana wa mwini nyumbayo akuphunzira kuyenda, pamene ana ake omwe akukula kutali osamudziwa. Akuonanso mwanayo akubedwa ndi zilombo, iye osatha kutambasula dzanja. Chigawo chimenechi chili ndi mawu ochepa, koma ndi chimene chimatsalira m'maganizo.

Mfundo yaikulu ya nkhaniyi ikuonekera pa lupanga. Malinga ndi ulosi, dziko lidzapulumutsidwa ndi ngwazi yokhayo imene ingathe kugwiritsa ntchito lupanga lopatulika. Wosewera aliyense wozolowera nthano amayembekezera kuti ngwaziyo ndi iyeyo. Koma mpangankhani wamkulu atalipeza lupangalo m'phanga, pamodzi ndi kalata imene bambo ake adamusiyira, akulephera kuligwiritsa ntchito. Patapita zaka, mwana wake wamwamuna, yemwe wabwera ndi mlongo wake kudzamumasula ku mwala uja, ndiye akulinyamula mosavuta. Motero mpangankhani wamkulu si mpulumutsi ayi. Iye ndi mwana wa munthu wina ndiponso kholo la munthu wina, ndipo udindo wake ndi kufikitsa kwa ana ntchito imene bambo ake adaifera. Tsopano iyeyo ndiye akuyenda patsogolo, ana ali pambuyo, monga momwe a Pankraz ankachitira.

Zinthu zing'onozing'ono nazonso zidalukidwa mosamala. Ali mwana, mpangankhaniyu ndi mnzake Bianca akupulumutsa kamwana ka chilombo chofanana ndi kambuku kwa anyamata ozunza. Atakula akukumana ndi chilombo cholusa chimene chikuvutitsa alimi a m'mudzi wina. Lupanga silithandiza pamenepa. Chofunika ndi kuchionetsa kansalu ka Bianca komangira tsitsi, ndipo chilombocho chikumukumbukira. Masewerawa sanena poyera chochita, kotero amene sadasamale za ubwana wa mpangankhaniyu amavutika kupeza yankho.

Ngakhale zili choncho, Dragon Quest V ili ndi zofooka zake. Choyamba, nkhondo zing'onozing'ono zimachuluka mopitirira muyeso. Munthu amayenda pang'ono, zilombo zabwera, ayendenso pang'ono, zabweranso zomwezo. Chachiwiri, ampangankhani aakazi sadapatsidwe mpata wokwanira. Mayi ake akhala m'manja mwa adani pafupifupi nkhani yonse, ndipo mkazi wake akukhalitsa ali mwala kuposa iye. Ngakhale kusankha mkazi, pakati pa Bianca ndi Nera, mwana wa munthu wachuma, sikuli kwachilungamo kwenikweni, pakuti nkhani yathera nthawi yaitali pa Bianca, pamene Nera wangoonekera kumene. Chachitatu, mdani wotsiriza, Nimzo, akutulukira kumapeto kwenikweni. Wosewera alibe naye chifukwa monga ali nacho ndi Ladja, choncho nkhondo yomaliza ilibe kulemera kumene imayenera kukhala nako.

Komabe chofooka choyamba chija chili ndi mbali ina. Maola amene wosewera amathera akumenya nkhondo zotopetsa ndiwo amapangitsa kuti banja la m'nkhaniyi likhale ngati lake. Munthu amasamala chimene wachikhetsera thukuta. Mu 2019 nkhani yomweyi idasandutsidwa filimu yotchedwa Dragon Quest: Your Story, imene idapanikiza zaka zonsezi m'maola osakwana awiri. Woonera filimu amauzidwa kuti zaka zapita. Wosewera amakhala atazidikira yekha.

Pomaliza, Dragon Quest V ikusonyeza kuti luso la nkhani silikhala m'mabuku mokha. Horii adatenga chinthu chimene masewera okha ali nacho, ndicho ufulu wa wosewera wosankha chochita, n'kuchigwiritsa ntchito pophunzitsa za imfa, ukapolo ndi ukholo. Amaupereka ufuluwo kwa nthawi yaitali kuti poulanda pamveke kuwawa. Amene angaweruze masewerawa poona zithunzi zake zokha, kapena kuwasiya pa ola loyamba, sangaone chilichonse cha zimenezi. Akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.