Stoner: Buku Lomwe Lidatchuka Mwini Wake Atafa

Buku la Stoner lidatuluka ku America mu 1965, ndipo makope omwe adagulidwa sadakwane n'komwe 2,000. Posakhalitsa lidasowa m'masitolo. Mlembi wake, John Williams, adabadwira ku Texas mu 1922. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adali msilikali ku India ndi ku Burma, ndipo atabwerako adaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya Denver. Buku lake lina, Augustus, lidapata mphoto ya National Book Award mu 1973, komabe pomwe ankamwalira mu 1994 dzina lake silinkamveka kwenikweni.

Mu 2006 kampani ya New York Review Books idasindikizanso Stoner. Mu 2011 mlembi wa ku France, Anna Gavalda, adalimasulira m'Chifalansa, ndipo pofika 2013 linkagulidwa ngati zitumbuwa ku Netherlands. Chaka chomwecho masitolo a mabuku a Waterstones ku Britain adalisankha kukhala buku lopambana la chakacho. Ambiri amati udali mwayi, koma mwayiwo udapeza luso lili kale m'bukumo.

Lusolo likuonekera pa tsamba loyamba lenilenilo. Williams akuulula mathero nkhani isadayambe: William Stoner adalowa yunivesite ya Missouri mu 1910, adaphunzitsa komweko mpaka adamwalira mu 1956, sadakwezedwe paudindo waukulu, ndipo ndi ophunzira ochepa omwe amamukumbukira. Mlembi wina akadabisa zimenezi kuti woŵerenga azidikira ndi mtima wa phaphapha. Apa woŵerenga amasiya kufunsa kuti zitha bwanji, n'kuyamba kuyang'anitsitsa mmene munthu wamba amapiririra tsiku ndi tsiku. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Stoner ndi mwana wa alimi osauka yemwe adapita kukaphunzira zaulimi. M'kalasi ina mphunzitsi Archer Sloane adamufunsa tanthauzo la ndakatulo ya Shakespeare, mnyamatayo n'kungoti kukamwa yasa, mawu osatuluka. Williams sakumuika mawu anzeru m'kamwa. Akungotionetsa kuwala koloŵa pawindo ndi zala zake zothetheka ndi ntchito yakumunda, ife n'kuzindikira tokha kuti moyo wake wakhota.

Ndime yotentha kwambiri m'bukumo ikuchitikira pa mayeso apakamwa. Wophunzira wina, Charles Walker, akulankhula mothyakuka poyankha mafunso a mphunzitsi womukondera, Hollis Lomax. Ikafika nthawi ya Stoner, iye akufunsa timafunso tapafupi ta mayina a mabuku ndi alembi ake, ndipo Walker akugwa chagada. Stoner akukana kumukhozetsa. Lomax, yemwe ndi mkulu wa dipatimenti, akubwezera pomupatsa makalasi a oyamba kumene pa maola osautsa, n'kukhala zaka zoposa 20 osamulankhula. Palibe mfuti kapena magazi, koma woŵerenga amatuluka thukuta. Aliyense amene adakanapo kusaina pepala lachinyengo kuntchito aizindikira ndime imeneyi.

Tsono luso lomweli lili ndi mtengo wake. Popeza pafupifupi zonse timaziona kudzera m'maso a Stoner, anthu omuvutitsa sapatsidwa mpata wokwanira wodzifotokozera. Mkazi wake Edith akumulanda chipinda choŵerengera ndi kumusiyanitsa ndi mwana wawo Grace, koma chomwe chikumudya mumtima mayiyu tikungochiona patalipatali. Adani aŵiri a Stoner, Lomax ndi Walker, onse ndi olumala, ngati kuti chilema cha thupi ndi chizindikiro cha mtima woipa. Mu 2015 katswiri wa zolembalemba Elaine Showalter adadzudzula zimenezi m'nyuzipepala ya Washington Post, ndipo adali ndi mfundo. Kutchuka kobwera mlembi atafa kumavuta pamenepa: anthu amamumvera chisoni kuti adanyalanyazidwa, n'kuyamba kulitenga buku lake ngati lopanda banga.

Pomwe ambiri amamuona Stoner ngati wolephera, Williams mwini adanenapo kuti munthuyu adali ngwazi yomwe idakhala moyo wabwino, chifukwa idagwira ntchito yomwe inkaikonda. Mathero a bukuli akuvomereza zimenezo: Stoner akufa ndi khansa atagwira buku lokhalo lomwe adalemba, akudziŵa kuti lidaiŵalika koma osachita nalo manyazi.

Amene akuphunzira kulemba apindula ndi bukuli pa zinthu ziŵiri. Aona kuti ziganizo zosakometsera zingathe kunyamula moyo wonse wa munthu, ndiponso aona kuipa komana mawu anthu omwe mlembi sakuwakonda. Stoner ndi buku lolembedwa mwaluso kwambiri, koma Edith ndi Lomax silidawachitire chilungamo.