Mbusa sasankhira anzake imfa: za filimu ya amonke a ku Tibhirine

Filimu yochedwa "Des hommes et des dieux", imene Xavier Beauvois wa ku França anatulutsa mu 2010, ndi yoti atsogoleri a Eklezia aiwonere pamodzi, kenaka akhale pansi akambirane. Si filimu yothamanga ai. Amene azolowera za nkhonya ndi mfuti adzawodzera. Koma funso lake ndi lolemera: dziko likasokonezeka, Akhristu nkukhala ocepa pakati pa anthu a cipembedzo cina, mtsogoleri wao acite ciani?

Nkhaniyi inacitikadi ku Argélia. Mu Janeiro 1992 asilikali anaimitsa masankho ataona kuti cipani ca Cisilamu ca FIS cikupambana, ndipo nkhondo yapaciweniweni inabuka. Kumapiri a kufupi ndi Médéa, pamudzi wa Tibhirine, kunali nyumba ya amonke a Citrapisti, mkulu wao ali Padre Christian de Chergé. Ankalima, kuweta njuci ndi kupemphera, pamene Mbale Luc, dotolo wokalamba, ankaciza Asilamu a m'mudzimo. Usiku wa pa 26 Março 1996 anthu a mfuti anagwira amonke 7. Mu Maio gulu la GIA linalengeza kuti lawapha, ndipo inapezeka mitu yao yokha. Awiri, Jean-Pierre ndi Amédée, anapulumuka.

Pamene filimuyi yagwira nchito yake bwino ndi pa msonkhano wa amonkewo. Zigawenga zitapha anthu a ku Croácia amene ankagwira nchito capafupi, kumapeto kwa 1993, boma likufuna kuika asilikali pakhomo pao. Padre Christian akukana yekha, osafunsa munthu. Madzulo ace abale ake akumudzudzula pamaso, kuti sanamusankhe kuti azigamula za moyo wao iwo kulibe. Apa ndiye pali phunziro. Maganizo ake mwina anali olungama, popeza nyumba ya mapemphero yolondedwa ndi mfuti za boma ikadaoneka ngati yalowa mbali imodzi ya nkhondo. Koma njira yake inali yolakwa. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga lake likakhala imfa.

Kuyambira pamenepo tikumuona akuphunzira kudikira. Akumvera aliyense payekhapayekha: uyu akufuna kubwerera kwao, uyo akudwala, Padre Christophe akulira usiku m'cipinda mwake poona ngati Mulungu wamusiya. Palibe amene akumunyoza kuti ndi wamantha. Pomaliza onse akukweza manja kuti akhala, aliyense mwa kufuna kwake. Lambert Wilson ndi Michael Lonsdale asewera bwino mbali za Christian ndi Luc, mopanda kudzionetsera. Ndiyamikanso kuti filimuyi sinaloze cala amene anapha amonkewo, pakuti pali ena amene amakayikira asilikali a boma, ndipo mlanduwo sunamveke bwino mpaka lero.

Tsono zondidandaulitsa zilipo ziwiri. Coyamba, aepiskopi sakuoneka. Woonera angaganize kuti amonkewa anali okha m'dziko lonselo, pamene Ambuye Henri Teissier a ku Argel ndi Ambuye Pierre Claverie a ku Oran anasenza funso lomweli m'malo mwa ansembe ndi asisitere onse. Ambuye Claverie anaphedwa ndi bomba pa 1 Agosto 1996 pamodzi ndi mnyamata wacisilamu wowayendetsa pagalimoto, Mohamed Bouchikhi. Onse amene Eklezia anawacha odala ku Oran pa 8 Dezembro 2018 anali 19, osati 7 okha.

Caciwiri ndi cacikulu. Amonkewa anali ndi kwina kopita. Akadafuna, ndege ikadawatengera ku França. Nanga anthu a m'midzi, amene anafa m'nkhondoyo zikwi ndi zikwi, akadathawira kuti? Filimuyi ikuwaonetsa pang'ono cabe, ngati oimirira kumbuyo kwa cithunzi. Pa cakudya comaliza, kamera ikukhalitsa pa nkhope za amonke nyimbo ya Tchaikovsky ikulira, mpaka munthu kugwetsa misozi. Koma palibe nkhope ya mayi wa m'mudzi imene yapatsidwa nthawi yotere. Conco funso la kukhala kapena kucoka layankhidwa kwa okhawo amene anali ndi ufulu wosankha.

Ife a ku Angónia nkhani yotere siyacilendo. Padre João de Deus Kamtedza ndi Padre Sílvio Moreira anakhala ndi anthu ao m'nkhondo mpaka kuphedwa ku Chapotera pa 30 Outubro 1985. Tikudziwanso kuti wansembe akatsala, makatekista ndi mabanja ao amatsala naye, ndipo maina ao salembedwa kawirikawiri.

Nchifukwa cake ndikuti muiwonere, koma musangotuluka mukutamanda kulimba mtima. Mukatha, funsanani m'mabungwe mwanu: zinthu zikavuta, ndani amagamula, ndipo wafunsa yani? Mbusa ali ndi ufulu wopereka moyo wake. Wa mnzake alibe nao ufulu.