Masamba a Mlambe ndi Mcele wa ku Taghaza: Kuwelenga Sundiata Mwatsopano

Pa Facebook, mbili ya ufumu wa Mali imathela pa munthu mmodzi: Mansa Musa, amene anafika ku Cairo mu 1324 ndi golide wambili cakuti mtengo wake unagwa mumzindawo. Acinyamata timanyadila nkhani imeneyi. Koma wofuna kudziwa mmene anthu wamba a ku Mali anali kupezela cakudya ayambile pa kabuku ka Djibril Tamsir Niane, Sundiata: An Epic of Old Mali. Niane, katswili wa mbili wa ku Guinea, anakatulutsa m'Cifalansa mu 1960 atamvetsela kwa jeli Mamoudou Kouyaté. Jeli ndi munthu amene nchito yake ndi kusunga mbili ya mafumu pamutu ndi kuiimba.

Cimene cimandikoka m'bukuli ndi ndiwo. Sundiata ali ndi zaka 7 koma akali kukwawa. Amake, a Sogolon, apita kukapempha masamba a mlambe kwa mkazi mnzao wa pamitala, Sassouma Bérété, ndipo abwelako atanyozedwa cifukwa ca mwana wosayenda. Tsiku lomwelo mnyamatayo aimilila atagwila ndodo yacitsulo yocokela kwa osula, azula mtengo wonse wa mlambe ndi kuutula pakhomo pa amake. Aliyense amene anaonapo amake akubwelela cimanjamanja kwa aneba adzamva kuwawa kwa tsamba limeneli.

Masambawo abwelanso patsogolo. Banja lili kothawila ku Mema, ndipo amithenga ocokela kwao akulifunafuna. Nzelu yao ndi yoyala masamba a mlambe pamsika, ndiwo zimene eni dzikolo sazidziwa. Amene awazindikile ndiye wakwao, ndipo mlongo wake wa Sundiata ndi amene awazindikila. Apa msika ukugwila nchito ya positi ofesi, ndipo tsogolo la ufumu lili m'manja mwa akazi ogula ndiwo. Ngakhale mdani, Soumaoro Kanté, amene anagonja pa nkhondo ya ku Kirina ca m'ma 1235, mphamvu zake zinali pa citsulo, pakuti anali mfumu ya osula. Jeli akutiuza mosabisa kuti ulamulilo umayamba ndi amene ali ndi ng'anjo.

Koma jeli amadya kwa mfumu, ndipo nyimbo yake ili ndi polekezela. Cuma ca Mali cinali kuyenda pa ngamila: golide wa ku Bambuk ndi Bure kupita kumpoto, mcele wa m'cipululu kubwela kumwela. Ndani anali kuukumba? Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anadutsa ku Taghaza mu 1352. Anapeza mudzi wa nyumba zomangidwa ndi zibuma za mcele, wopanda mtengo ndi umodzi womwe, ndipo okhalamo anali akapolo okumba mcelewo, odalila cakudya cobwela ndi amalonda. Mu Sundiata anthu otele alibe dzina, alibe mau.

Kuti tione kukula kwa mpata umenewu, tiyelekeze ndi ufumu wa Aaziteki ku Mexico. Buku lao la zithunzi lochedwa Codex Mendoza, lojambulidwa ca m'ma 1541 Asipanya atalanda kale dzikolo, limandandalika mtulo umene cigawo ciliconse cinali kupeleka ku Tenochtitlan: nsalu za thonje, cimanga, nthenga za mbalame, ndi njele za kakao zimene zinali kugwilanso nchito ngati ndalama. Nalonso ndi buku la olamulila, koma limaonetsa poyela kuti ulemelelo wa likulu unali kucokela pamsana pa midzi yogonjetsedwa. Pa masamba ake a mtulo, Codex imawelenga katundu osaona nkhope. Jeli amaona nkhope, koma za m'bwalo la mfumu zokha.

Kodi tilisiye bukuli? Ai ndithu. Ndi lalifupi, lokoma, ndipo mungalimalize pa foni usiku umodzi magetsi atapita. Liwelengeni mukufunsa kuti pa cikondwelelo ciliconse ca mfumu anapeleka mapila ndani. Ndipo inu amene mumalemba ndakatulo ndi nkhani, mafumu a Mali ali nawo kale oimba ao. Mtsikana wobadwila m'nyumba ya mcele ku Taghaza akali kudikila womulembela.