Waya wa pa Mpanda: Maganizo pa Buku la Dick Francis Lotchedwa Dead Cert

Mwana wobadwira ku Machinga kapena ku Balaka akhoza kukula mpaka kumera imvi osaona kavalo ndi maso ake, pakuti chiyambire kale akavalo sachuluka m'chigwa cha Shire, m'mene kashembe ankapha ziweto zazikulu. Tsono munthu angafunse kuti buku lonena za mipikisano ya akavalo ku Mangalande liri ndi phindu lanji kwa wophunzira uphunzitsi m'dziko lino. Phindu lake liripo, chifukwa bukuli lisanthula funso limene mudzi uli wonse umafunsa pa maliro adzidzidzi, lakuti wapha munthuyu ndani.

Mlembi wake, Dick Francis, anabadwira ku Wales m'chaka cha 1920 namwalira mu 2010. Asanayambe kulemba anali wokwera akavalo a liwiro, ndipo anapambana mipikisano yoposa 350. Mu 1956, pa mpikisano waukulu wa Grand National ku Aintree, anakwera Devon Loch, kavalo wa amai ake a Mfumukazi Elizabeth II. Ali patsogolo pa onse, atatsala pang'ono kufika pa mapeto, kavaloyo anangogwa chamimba popanda chomupunthwitsa chooneka, ndipo anthu atsutsana za chifukwa chake mpaka lero. Dead Cert, limene linasindikizidwa m'Chingerezi mu 1962, ndilo buku lake loyamba la nthano. Dzinali ndi mau a anthu a juga onena kavalo amene sakayikitsa kuti apambana, koma mau oyambawo atanthauzanso wakufa.

Wosimba nkhani ndi Alan York, mnyamata wokulira ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano litchedwa Zimbabwe. Pa mpikisano wa ku Maidenhead iye athamanga pambuyo pa bwenzi lake Bill Davidson, amene wakwera Admiral, kavalo wodziwa kulumpha koposa anzake. Admiral agwa pa mpanda wolumphapo, ndipo Bill afa ndi mabala ake. Anthu onse ayesa ngozi, pakuti kugwa sikusowa m'masewerawa. Koma Alan abwerera pa mpanda paja yekha, napeza waya amene munthu wina anatchera kuti akole miyendo ya kavalo. Pamene aitana akuluakulu kuti adzaone, wayayo wachotsedwa kale.

Apa ndipo pagona luso la mlembi. Alan adziwa choona, koma alibe chochionetsera, ndipo kudziwa kopanda umboni sikumanga munthu. Chotero ayamba kufunsa mafunso ang'onoang'ono motsatana: anaimirira pafupi ndi mpanda ndani, apindula ndani kavalo wodalirika akagwa, ndalama za juga zipita m'thumba la yani. Mayankho amtsogolera ku Brighton, kwa gulu la oyendetsa magalimoto a hayala amene aopseza eni malonda kuti aziwalipira. Mlembi sabisa chizindikiro chiri chonse, kotero kuti wowerenga wodekha akhoza kufika pa choona pamodzi ndi Alan. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo choonacho chikaoneka chiwawa, chifukwa mwini chiwembu ali pafupi ndi mtsikana amene Alan amkonda. Khoswe wa pa mkhate sapheka msanga, koma Alan sabwerera m'mbuyo.

Zolakwika ziriponso. Anthu ofunika m'nkhanimo ndi owerengeka, motero wozolowera mabuku otere amzindikira woipayo nkhani isanafike patali. Mtsikana uja, Kate, ayamikidwa kukongola kwake kokha, nzeru zake sizipatsidwa ntchito. Africa nayo ioneka ngati munda chabe wochokerako chuma cha atate ake a Alan, ndipo eni dzikolo samveka mau ao. Wophunzira ayenera kuona zimenezi ndi kuzitchula, chifukwa kuwerenga bwino sikuvomereza zonse. Komabe chaputala chimene Alan athawa pa msana pa Admiral, kudutsa minda ndi nkhalango, magalimoto aja akumzinga uku ndi uku, chinalembedwa ndi munthu wodziwadi kavalo, ndipo ngakhale amene sanamkwerepo amva mtima kugunda.

Tsono phunziro lake kwa mphunzitsi ndi ili. M'midzi yambiri, munthu akafa modzidzimutsa, funso lija lakuti ndani liyankhidwa msanga, ndipo kawirikawiri chala chiloza nkhalamba yosauka imene iribe woiteteza. Lamulo la m'chaka cha 1911 linaletsa mwavi ndi kunenera munthu ufiti, koma lamulo palokha siliphunzitsa mwana kuganiza. Alan York nayenso akana kuti imfa ya bwenzi lake inangochitika, monga momwe ofedwa a kumudzi akanira. Kusiyana kwake n'kwakuti iye satchula dzina la munthu asanapeze waya, ndipo atapeza wayayo afunabe umboni wina umene anthu ena angauone ndi maso ao.

Mwambo umenewu si wachilendo kuno. Mbusa wa ku Ulongwe amene mbuzi yake yasowa atsata mapazi pa dothi, nasiyanitsa phazi la fisi ndi la munthu, nadziwanso ngati mbuziyo inayenda yokha kapena inakokedwa ndi chingwe. Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale safunika kuwerengera ana bukuli, pakuti Chingerezi chake n'chovuta kwa iwo. Koma akhoza kulisimba m'Chichewa kapena m'Chiyao, naima pakati n'kufunsa ana kuti anene chimene Alan waona, chimene angoganiza, ndi chimene asowabe. Choko chikasowa m'kalasi, mafunso atatu omwewa afunsidwe mwana wina asanalozedwe chala. Ophunzira ena adzayesanso kulemba nthano zao zofufuza, zoikidwa pa msika wa ku Liwonde kapena pa siteshoni ya sitima ku Balaka, ndipo chilankhulo cha makolo chidzapindula nazo.