Kufunsa Chitsulo Mafunso

Njinga za mpikisano, zija zamatayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi, zambiri zimafika kuno zitatopa kale kwina. Zimatsika m'makontena pamodzi ndi katundu wina wakaunjika, ndipo wogulitsa amaika mtengo poona kuwala kwa penti ndi kuchuluka kwa magiya basi. N'chifukwa chake si zachilendo kupeza Raleigh yachitsulo ya m'ma 1980 itatsamira khoma limodzi ndi Giant OCR ya aluminiyamu ya kumayambiriro kwa m'ma 2000, mtengo uli umodzimodzi. Wogula wamba amanyamula iyi, n'kunyamula iyo, n'kutenga yopepuka. Koma ku Zomba kuli mkulu wina wokonza njinga amene anyamata amawanyengerera kuti awaperekeze pokagula, ndipo zimene madalawa amachita pa kanthawi kochepako ndi luso loyenera kulembedwa.

Sayamba n'kukwera. Magiya sawayang'ana kaye. Amanjuta kutsogolo kwa njinga, n'kuyendetsa chala kunsi kwa paipi yotsika kuchokera pakhosi, pafupi penipeni ndi pamene mapaipi akumana. Njinga ikawomba kumbuyo kwa galimoto, kapena ikagwera m'dzenje ili pa liwiro, mphamvu yonse imathera pamenepo. Chitsulo chimachita kakhwinya kakang'ono kamene diso limakalumpha koma chala chimakamva, ndipo nthawi zina penti imasweka mozungulira paipiyo. Kenako amaima chapatali n'kuyang'ana foloko cham'mbali. Kumtunda kwake iyenera kutsatira mzere wa khosi. Ikapendekera kumbuyo, ndiye kuti ngozi inachitika, kaya wogulitsa alumbire motani.

Akatero amatulutsa chingwe m'thumba. Amachimanga pa mphanda imene mumalowa wilo lakumbuyo, n'kuchizunguliza pakhosi la njinga, n'kubwerera nacho ku mphanda inayo. Paipi ya chishalo imakhala pakati pa zingwe ziwirizo. Amayeza mpata wa kumanja ndi wa kumanzere: ngati felemu ili yowongoka, mipatayo imafanana. Ikasiyana ndi mamilimita angapo, njingayo imayenda chammbali, ndipo mwini wake adzakhala akulimbana ndi mahandulo osadziwa chimene chikumutopetsa mapewa. Kumafakitale kuli matebulo achitsulo okwera mtengo oyezera zimenezi. Pano ndi chingwe chomangira matumba a makala, ndipo yankho lake ndi lokwanira kugulirapo njinga.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi pamene afika pa Raleigh n'kuyamba kuigogoda ndi chikhadabo, ngati mayi wogula mbiya amene amafuna kumva ngati muli mng'alu. Amagogoda pafupi ndi mfundo, kenako pakati pa paipi, mutu atapendeketsa. Paipi yabwino imalira mosiyana malo awiriwo, chifukwa makulidwe a chitsulo chake si amodzi: kumapeto, kumene kumafika moto wolumikizira ndi kumene kumalemedwa, n'kochindikala; pakati n'popyapyala, nthawi zambiri osafika milimita imodzi. Kunja paipiyo imaoneka yofanana kuyambira uku mpaka uko, kusiyanako kuli mkati. Njira imeneyi inachokera ku kampani ya Reynolds ya ku Birmingham, imene inailembetsa m'chaka cha 1897. Mu 1935 anatulutsa chitsulo chotchuka cha 531, chosakaniza ndi manganese ndi molybdenum, chimene chinakhala pa njinga za akatswiri kwa zaka makumi angapo, mpaka kulowa m'galimoto ya Jaguar E-Type. Kapepala ka 531 kamene kamamatidwa pa felemu kangathe kunama, popeza aliyense angamate kapepala, komanso si felemu iliyonse ya 531 imene ili ndi mapaipi opyapyala pakati. Madalawa sakakhulupirira kapepalako mpaka atamasula boti ya chishalo n'kusolola mtengo wake. Akaona padindidwa 27.2 amagwedeza mutu, chifukwa paipi yochindikala singalandire mtengo wa mamilimita amenewo.

Kusololako kuli ndi ntchito inanso. Mtengo wa chishalo umakhala wa aluminiyamu, felemu ndi yachitsulo, ndipo zitsulo ziwirizi zikakhala pamodzi zaka zambiri popanda girizi, madzi akulowerera, zimagwirana mpaka kukhala chinthu chimodzi. Njinga yotere ingakhale yokongola bwanji, chishalo chake chinaima pa msinkhu wa mzungu amene anaisiya, ndipo kuchichotsa ndi ntchito ya masiku, ya sowo ndi thukuta, imene nthawi zina imapha felemu. “Mphwanga, chishalo chikakana kusuntha, ndalama zako zikanenso kutuluka m'thumba,” amatero, osakweza mawu. Mtengowo ukatuluka amasuzumira m'paipi ndi tochi ya foni, kuona ngati dzimbiri lili la pamwamba chabe kapena layamba kugwa m'mapale.

Pa mfundo za Raleigh amachedwapo kuposa mmene kugula kumafunira, ndipo ndimaona kuti apa akungosirira ntchito ya mnzawo. Mapaipi a felemu yotere sawotchereredwa monga mmene timawotcherera geti. Amalowetsedwa m'timakapu tachitsulo, n'kutenthedwa mpaka kufiira, kenako mkuwa wosungunuka umayamwidwa mu kampata kakang'ono ka pakati pa paipi ndi kapuyo. Chitsulo chenichenicho sichisungunuka. Wodziwa ntchito amaukoka mkuwawo ndi moto mpaka utatulukira mbali inayo, ndipo m'mphepete mwa mfundo mumatsala mosalala, mopanda tizibowo kapena zibuluma. Wopupuluma amasiya mipata. Madalawa amatsatira m'mphepetemo ndi chikhadabo, mfundo ndi mfundo, n'kunena ngati amene anagwira ntchitoyo ku Nottingham anali ndi mtima wodekha tsiku limenelo.

Pa Giant khutu siligwira ntchito kwambiri. Apa ndi maso. Amapukuta fumbi pa mizere yowotcherera, makamaka pakhosi, pansi pa mapedulo ndi pamene pamangidwa chishalo, n'kuyang'ana kamzere kakuda kopyapyala ngati tsitsi. Aluminiyamu amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, koma ndi wofewanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake mapaipi ake amakhala onenepa. Vuto lake n'lakuti amatopa. Kupindika kulikonse, ngakhale kochepa, kumamudya pang'onopang'ono, pamene chitsulo chimapirira mpaka kalekale malinga ngati katundu wake sapyola malire. Ndipo mng'alu ukabwera, nkhani imasiyana kutalitali. Felemu yachitsulo wowotcherera ndi gasi wa pamsika angailumikize ndi mkuwa, n'kuyendanso. Ya aluminiyamu imafuna makina ake, ndipo mtundu wa 6061 umafunanso kuphikidwa m'ng'anjo pambuyo pake kuti ubwerere mphamvu. Ndani angakuchitire zimenezo pa Chinamwali?

Sikuti amainyoza Giant. Felemu yake yotsetsereka kumbuyo, imene Mike Burrows wa ku England anayambitsa ku kampaniyi m'ma 1990, imachititsa kuti njinga imodzi ikwanire anthu amisinkhu yosiyanasiyana, ndipo ndi yolimba munthu akaimirira pa mapedulo. Marco Pantani anapambana Tour de France ya 1998 pa Bianchi ya aluminiyamu. Ngati felemu ilibe mng'alu, madalawa amanena poyera kuti ilibe.

Tcheni amayeza ndi lula ya mwana wasukulu. Kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake ndi theka la inchi, choncho ukaika ziro pakati pa pini, chizindikiro cha mainchi 12 chiyenera kugwera pakati pa pini ina. Ikapitirira ndi 1/16 ya inchi, tcheni yatha. Ikafika 1/8, yadya kale mano a magiya, ndipo tcheni yatsopano idzangolumphalumpha pa mano akalewo. Amayang'ananso manowo: akasongoka n'kupendekera mbali imodzi, amawerengera mtengo wake mumtima. Apa ndi pamene mitengo iwiri yofanana ija imayambira kusiyana.

Mawilo amawazunguza n'kuyang'ana mpata wa pakati pa limu ndi labala wa buleki, kenako amakhwatsa masipoko limodzilimodzi n'kumamvetsera. Sipoko lolira motsika pakati pa anzake ndi lomasuka, ndipo zimenezo n'zokonzeka. Chosakonzeka ndi khoma la limu limene mabuleki alidya mpaka kulowa mkati. Chala chikamva chigwa pamenepo, limuyo tsiku lina idzaphulika ndi mphepo ya m'chubu. Akatero amawerenga manambala a m'mbali mwa tayala, ndipo apa pagona msampha umene wagwira ambiri. Wilo la 700C, limene lili pa njinga zambiri za mpikisano, ndi la mamilimita 622. Ma Raleigh ena akale ali ndi mawilo a mainchi 27, omwe ndi mamilimita 630. Njinga zathu zakuda zonyamula katundu zimavala 28 x 1½, mamilimita 635. Kuziona n'zofanana, koma tayala la ina silikhala pa inzake. La 635 lili pa golosale iliyonse ya pa trading centre, la 622 umalipeza m'tauni ukafufuza, la 630 ungayende nalo mtunda. Raleigh ikakhala ya 630, madalawa amaisiya pomwepo, mfundo zake zokongola ndi zonse.

Magiya amafika pomaliza. Giant ili ndi Shimano Sora, yosinthira magiya pa chogwirira buleki pomwepo, ndi kabatani kokankha ndi chala chachikulu. Shimano inabweretsa njira yophatikiza buleki ndi giya imeneyi mu 1990, ndipo kunena zoona ndi yokoma: manja sachoka pa mahandulo ngakhale minibasi ikukupanikiza. Koma mkati mwake muli timano ndi timasipuling'i tambirimbiri. Girizi akauma, kabataniko kamangopita osagwira kanthu. Nthawi zambiri kutsuka kumathandiza. Kena kakathyoka mkatimo, palibe amene amagulitsa kachidutswako pakokha. Raleigh ili ndi timaliva tiwiri pa paipi yotsika, topanda makiliki: umakoka mpaka tcheni italowa n'kusiya kulira. Mulibe choti chiwonongeke koposa waya, ndipo timalivato timagwira ndi fuliwilo iliyonse ya magiya akumbuyo. Woyamba kumene amavutika nato kwa kanthawi, makamaka potsetsereka.

Ndiye amatembenukira kwa wogula. “Iwe umakhala kuti? Ukufuna kumapita nayo kuti?”

Funsoli si lamwambo chabe. Raleigh ya m'ma 1980 imabwera ndi mano 52 ndi 42 kutsogolo, ndipo giya yaikulu yakumbuyo kawirikawiri sipitirira mano 24. Pa msewu wa ku Liwonde zimenezo n'zokwanira. Pokwera ku Ku Chawe, maondo amadandaula msewu usanafike pakati. Ma OCR ambiri ali ndi mbale zitatu kutsogolo, yaing'ono ya mano 30, ndipo munthu amakwera phiri atakhala pansi. Mnyamata akati, “Madala, ine cholinga changa n'kukwera phirili Loweruka lililonse,” amamuuza kuti atenge Giant, koma akakamire kuti mtengo utsike ndi ndalama ya tcheni ndi kaseti ya magiya akumbuyo. Amamuimikanso pamwamba pa felemu ndi kumukhazika pa chishalo, chifukwa njinga yaikulu kapena yaing'ono pa thupi palibe sipanala imene ingaikonze.

Ine mtima wanga uli ku Raleigh, ndipo ndikuganiza kuti wa madalawa ulinso komweko, ngakhale samanena. Chimene chimawaulula n'chakuti ali ndi njira yoipeputsira phiri. Ulusi umene fuliwilo ya Raleigh imamangidwira pa habu ndi womwewo wa njinga za mapiri zotsika mtengo zimene zadzaza m'misika, choncho fuliwilo ya magiya 6 ya mano 14 mpaka 28 imalowa popanda kusema kanthu, m'mpata womwewo wa mamilimita 126. Chotsala n'kuona ngati chosinthira tcheni chakumbuyo chingafike pa mano 28 osagunda. Amachikankha ndi chala mpaka pansi pa giya yaikulu, n'kuyerekeza mpata wotsalawo ndi maso. Ukachepa, amabweza wilo kumbuyo pang'ono m'mphanda zake zazitali, n'kuwonjezera mfundo imodzi pa tcheni.